Bango Loyezera Agogo Nichifor

"Ndinaona ndi maso angawa, alamu, si zomva ayi! Bango m'manja, mkono atatambasula chonchi, diso limodzi atatsinzina, akuwayeza agogo ake kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Munthu wamoyo, akupuma!"

A Veta ankalankhula ataimirira pakati pa khitchini ya alamu awo a Ilarie, mpango wakuda wa maliro utatsetsereka mpaka m'khosi. Amuna awo a Toader, mng'ono wawo wa a Ilarie, anali atatsamira pachitseko, manja m'matumba, maso kudenga. Dothi la pamanda a agogo Nichifor linali lisanaume n'komwe.

Sanda, mwana yekhayo wa a Ilarie, anayesa kuyankha mofatsa ngakhale mtima unkamuwira.

"Mayi aang'ono, ndi mmene amatiphunzitsira kusukulu. Umatambasula mkono, n'kuona pakamtengo kukula kwa mutu, kenako mapewa, kuti chithunzi chisapotoke. Tonse m'kalasi timatero. Pensulo yanga inali itafupika, ndiye ndinangosolola kabango padenga la shedi."

"Mwamva? Akuti anangosolola kabango! Iwe unabadwira kuti? Kuno bango timayezera ndani?"

Yankho Sanda ankalidziwa, ndipo kuno ngakhale mwana woyamwa amalidziwa. Bango timayezera mtembo kuti kalipentala adziwe kutalika kwa bokosi, ndipo bangolo limalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Wamoyo sayezedwa ndi bango, ngakhale mthunzi wake. Sanda anali ataiwala. Zaka za ku sukulu ya zojambula ya kutauni zinamuzoloweza dzanja, moti tsiku limenelo sanaone bango, anangoona kamtengo kowongoka.

"Alamu, mwanayu analakwitsa, sitikukana," anatero mayi ake a Sanda, a Rodica, akupukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. "Koma bambo anali okalamba, ndipo chisanu cha chaka chino..."

"Chisanu chatani? Nenani, chisanu chatani?" a Veta anawadula pakamwa. "Mukufuna kunena kuti ndinawapha ndine? Ine amene ndachapa zoipa zawo zaka zonsezi, inu mukungosuzumira pampanda? Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu anali bwinobwino, akudya, mpaka mfiti yanu yophunzirayi itawatenga muyezo."

Mawu akuti mfiti anagwera m'khitchinimo ngati mbale yadothi. A Ilarie anali atakhala pafupi ndi chitofu, akupinda ndi kupindula chipewa chawo pabondo. Sanda anawayang'ana kudikira kuti atsegule pakamwa. Iwo maso anali pachipewa.

Mwambo wa kuno ndi wakuti chitsirizira ndiye amatsala m'nyumba ya makolo, n'kuwasunga mpaka imfa. Nyumba yaikulu inagwera a Toader, pamodzi ndi thirakitala ndi agogowo. A Ilarie anamanga kanyumba kawo pangodya ya bwalo lomwelo. Mutu wa agogo utayamba kusokonekera ndi ukalamba, a Veta anali atangoika matailosi m'nyumba monse, ndiye nkhalambayo inasamutsidwira kukashedi ka kuseri kwa khola la nkhumba. Ndi mmenemo mmene Sanda ankawajambulira Loweruka lililonse akabwera kuchokera kutauni, nyengo yonse yozizira.

A Toader anatsokomola, n'kuchoka pachitseko paja.

"Achimwene, ine sindikonda mikangano. Chibale ndi fupa, sichiola. Timve ziwiri basi. Chithunzicho chiotchedwe, chifukwa muyezo wa bambo uli mmenemo ndipo mzimu wawo sungapume. Chachiwiri, mtsikanayu abwerere pakhomo. Sukulu yophunzitsa mwana kuyeza amoyo si sukulu."

"Bambo aang'ono, chithunzi chimenecho ndiye mayeso anga!" Sanda anaimirira. "Mwezi wa Meyi aliyense wa chaka chomaliza amapachika ntchito yake m'holo, aphunzitsi n'kudzaiweruza. Wopanda chithunzi pakhoma alibe satifiketi, ndipo ku koleji sangalowe. Zaka zonsezi zithere pamoto?"

"Sindikulankhula ndi iwe." A Toader sanamuyang'ane n'komwe. "Achimwene, munda wa zipatso za maplamu uja sitinagawane. Ndimafuna tigawane mokoma, monga ana a munthu mmodzi. Thirakitala nayonso sindinakumanenipo. Ganizani bwino. Pofika mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire bambo, nkhaniyi ikhale itatha."

Anatuluka, akazi awo pambuyo, ndipo pakhomo a Veta analavula katatu kumanzere.

"Bambo," anatero Sanda, "simunena kanthu?"

A Ilarie anavala chipewa chija. "Chithunzicho chisatuluke m'nyumba muno mpaka nditanena ine." Anapita kukamwetsa ng'ombe, yomwe inali itamwa kale.

Mlomo wa a Veta unayenda mudzi wonse minibasi ya Lolemba isananyamuke. Sanda atakwera, mayi wina amene ankamupatsa maapulo ali mwana anachita chizindikiro cha mtanda n'kusamukira mpando wakumbuyo. Pobwera Lachisanu, ana amene ankasewera pamsewu anaitanidwa m'mageti mmodzimmodzi. Mpongozi wa kalipentala, pomuona akubwera dzuwa litapendeka, anakokera mwana wake kumthunzi wa khoma kuti mthunzi wa mwanayo usagwere pamene Sanda aponde. Ha, anthu a kuno! Onse ali ndi mafoni, theka la ana awo lili ku Italy, koma bango lokha linawabweza m'masiku a agogo a agogo awo.

Pa Pasaka zinamupweteka koposa. Potuluka m'tchalitchi aliyense amagundanitsa dzira lake lofiira ndi la mnzake, n'kupatsana moni wa kuuka kwa Ambuye. Sanda anaima pabwalo dzira lili m'manja, anthu akumulambalala ngati chitsa. Anzake amene anakula nawo anayang'ana kumbali. Pomaliza mayi ake ndiwo anabwera n'kugunda dzira lake, maso ali pansi. Sanda anamva manyazi, ndiponso mkwiyo umene sanaudziwepo chibadwire.

Kusukulu anafotokozera mphunzitsi wake, a Neagu, bambo wa imvi, wa zala zothimbirira ndi utoto, amene sankayamikira munthu wamba. Iwo anali ataona chithunzicho pafoni ya Sanda. Anachiyang'ananso nthawi yaitali.

"Manja awa uwasiye mmene alili. Chitseko ichinso usachikhudze. M'kalasi muno palibe wajambula choposa ichi."

"Akufuna achiotche, aphunzitsi."

"Akuluakulu oweruza saweruza za pafoni, Sanda. Amafuna nsalu, aione, ainunkhize. Ibwere ngakhale utoto uli wosauma, ine ndiipachika. Koma kumudzi kwanu sindingapiteko kukalimbana ndi abale ako. Ndine mlendo kumeneko, angondiseka." Anamubwezera foni. "Ndinakuphunzitsa kuyeza kuti diso lisakunamize. Sindinakuuze kuti anthu adzakuthokoza."

Loweruka linalo a Rodica anam'peza mwana wawo m'chipinda atavundukula chithunzi chija. Chinali chachikulu, chofika m'chifuwa mwa munthu. Agogo Nichifor anali atakhala pabedi la matabwa, atavala chijasi chong'ambika chomangidwa ndi waya m'chiuno. Manja awo otupa, obiriwira ndi kuzizira, anali pamaondo. Pansi panali mbale yachitini, madzi ake ataundana. Kumanzere chitseko chinali chotsegukira m'kati, kotero kuti mbali yake yakunja inkaoneka bwino, ndipo pambali imeneyo panali mpiringidzo wachitsulo, wokhomedwa ndi misomali, umodzi wopindika.

A Rodica anakhala pabedi, n'kuusa moyo.

"Mwana wanga, ndalankhula ndi mayi ako aang'ono. Mtima wawo si mwala. Akuti ngati ungakonze, nkhani ya moto itha. Uwaveke agogo malaya oyera a patchalitchi. Pamene pali chitsekopa uikepo chitofu, moto ukuyaka. Tikachipachike patsiku la mwambo, anthu aone kuti bambo ankakhala bwino. Ukatero upita nacho kusukulu, aliyense akhale ndi mtendere."

"Ndiye muyezo wa agogo uchokamo ndikawaveka malaya oyera?"

"Usandifunse mafunso a kusukulu."

"Mayi, inunso mukuona. Sakuopa bango ayi. Akuopa mbale iyi ndi chitseko ichi."

"Ndikuona, sindine wakhungu!" anatero a Rodica. "Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tikasweka ndi a Toader tidya chiyani? Bambo ako alibe munda wina, alibe thirakitala, msana unatha. Iwe udzapita kutauni, ife tidzatsala pabwalo lino, chitsime chimodzi, geti imodzi. Ndiponso agogo akowo sanadandaulepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Anamva m'mimba, mayi. Chitseko chinali chotsekera kunja."

Kunja nkhumba zinkalira chakudya. A Rodica analoza pachithunzi ndi chala, osachikhudza.

"Msomali wopindikawu waujambula bwino. Ukudziwa dzanja limene linaupinda?"

Sanda anawayang'ana.

"Bambo ako. Agogo atayamba kutuluka usiku n'kumasochera kumtsinje, a Toader anabwera kudzapempha. Paja iwo ngakhale nyundo sadziwa kugwira. Bambo ako anati ndi za masiku ochepa, mpaka kutenthe. Anakhoma akulira, nkhalamba ili m'kati ikuwafunsa kuti, 'Ilarie, ukukonza chiyani mwana wanga?' Mudzi wonse umadziwa ntchito ya manja a bambo ako. Ukapachika ichi m'holo ya kutauni, wapachika bambo ako."

Mawuwo anamulasa Sanda pamtima. Mayi ake atatuluka, iye anafinya utoto wofiirira pathabwa, n'kuusakaniza mpaka unafanana ndi mtundu wa chitseko. Kukanangotenga kupaka kawiri kapena katatu, mpiringidzo n'kuzimirira. Anaimika bulashi pafupi ndi nsalu mpaka mkono unatopa. Ankawakonda bambo ake, munthu amene anamupangira felemu yoyamba yokhomapo nsalu yojambulapo, ya matabwa a bokosi la maapulo. Koma maso a agogo pachithunzipo ankayang'ana kuchitsekoko, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo akanachotsa mpiringidzo, masowo akanakhala akuyang'ana popanda kanthu. Anatsuka bulashi, n'kuvundikiranso chithunzi ndi bulangeti.

Tsiku la mwambo linafika maplamu atayoyola maluwa. A Veta anaonetsa mudzi kuti iwo ndi mpongozi. Matebulo anayalidwa kuchokera pageti mpaka pachitsime. Panali koliva, tirigu wophika wa anthu akufa, wokongoletsedwa ndi shuga ndi mtedza. Panali kachasu wa maplamu, ndi mphika waukulu wa kabichi wokulungira nyama ukuwira pamoto pakati pa bwalo. Monga mwa mwambo, banja linapereka kwa munthu wosauka zinthu zimene womwalira adzazifune kutsidyako. Anatulutsa bedi latsopano, matiresi, pilo, nsapato, ndi chofunda chaubweya chokhuthala ngati mkate. Wansembe anazidalitsa, amayi akunong'onezana moyamikira kuti, "Koma Veta yekha, Mulungu amuone."

Sanda anayang'ana chofundacho, misozi ya ukali ikumutentha m'maso. Chikanabwera nyengo yozizira ija, bwenzi lero kulibe koliva.

Wansembe atadya n'kunyamuka, a Toader anagogoda tambula ndi supuni.

"Abale ndi anansi, mukudziwa chimene chinachitika pakhomo pano. Sitikufuna kuchititsa mwana manyazi, ubwana ndi ubwana. Achimwene avomera kuti muyezo wa bambo ubwerere kwa mwini wake, apume mumtendere."

Sanda anatembenuka. Bambo ake ankachokera kunyumba atanyamula chithunzi chija, chovundikirabe ndi bulangeti, chomangidwa ndi chingwe. Sanamuuze kanthu. Ankayenda ngati munthu wosenza bokosi la maliro.

"Bambo, ayi!"

"Khala pansi, Sanda," anatero a Rodica, atamugwira siketi.

Iye anadzipulumutsa, n'kuthamanga kukaima pakati pa bambo ake ndi moto.

"Ngati mukuotcha, otchani. Koma simuwaotcha atavundikiridwa. Anakhala kumdima nyengo yonse yozizira, lero aonedwe." Anakoka chingwe, bulangeti n'kugwa.

Masupuni anaima m'malere. Agogo Nichifor anakhala pamenepo padzuwa, chijasi chawo cha waya, manja obiriwira, mbale yachitini, moyang'anizana ndi bedi latsopano lija. Ena anachita chizindikiro cha mtanda. Ena anayang'ana kukashedi ka kuseri kwa khola, n'kubweza maso msanga.

Mayi wokalamba wa nyumba yoyandikana, a Safta, analankhula ngati akulota. "Ndiye kugogoda kuja. Ndinkamva m'bandakucha, go, go, go. Ndinkati mwina ndi nkhumba."

"Tseka pakamwa, mkazi iwe," amuna awo anawadzudzula. "Idya."

A Veta anafika nkhope itafiira ngati dzira la Pasaka.

"Onani mwano! Patsiku la agogo ake! Inde, tinkatseka. Tikanatani? Akanafera mumtsinje bwenzi mukuti chiyani? Ndani wa inu anabwera kudzati, Veta, pumula, lero ndiwasambitsa ndine? Palibe! Ndipo iwe wachifundo iwe, ndikufunse pamaso pa anthu. Unkabwera Loweruka ndi kamsuzi kako ndi mabulashi ako. Ukatha kujambula, potuluka, chitseko unkachisiya bwanji?"

Funso limenelo linali litamudya kale Sanda payekha, koma kulimva pagulu kunali kwina.

"Ndinkatseka," anayankha, mawu ali pansi.

"Kweza mawu!"

"Ndinkatseka! Ndinkawafunditsa sikafu yanga, n'kutseka, Lolemba n'kukakwera minibasi. Ndinkaopa inu. N'chifukwa chake sindingaufufute mpiringidzowo, mayi aang'ono. Dzanja langa lilinso pomwepo. Si bango linawapha agogo. Ndi tonse a pabwalo lino, ndi onse amene ankamva kugogoda."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena akudzuka kufuna zipewa zawo. A Toader anayandikira mkulu wawo, n'kulankhula motsitsa koma momveka.

"Achimwene, mwana wanu watitukwana tonse. Malizani, kapena mundiiwale ine ndi munda womwe."

A Ilarie anali asanachionepo chithunzicho chiyambire. Tsopano anachigwira patali ndi mikono yonse, n'kuchiyang'ana. Anayang'ana nkhope ya bambo awo, anayang'ana manja. Maso awo atafika pa msomali wopindika anaima pomwepo. Sanda anaganiza kuti achiika pansi. Anapemphera mumtima kuti achiike pansi.

Iwo anasuntha mphika wa kabichi, n'kugoneka chithunzicho pamoto.

Utoto wa mafuta suchedwa. Nsalu inatukusira, inada, lawi n'kubowola pakati, ndipo fungo lake linaphimba fungo la chakudya. Sanda sanalire. Anangoyang'ana bambo ake, iwo osamuyang'ana, kenako anapita kunyumba n'kudzitsekera. Kumbuyo kwake anamva a Veta akuuza anthu kuti akhale pansi, koliva akadalipo wambiri.

M'mawa mwake kunja kutangoyera, Sanda anamva nyundo. Anafunda kumutu. Mayeso anali sabata yotsatira, ndipo iye analibe choti akapachike. Anali ataganiza kale kuti Lolemba sakwera minibasi. Nyundo italeka, wina anagogoda pachitseko cha chipinda chake.

"Sanda. Tenga zipangizo zako."

Anatsegula, n'kubwerera m'mbuyo ndi mantha. Pakhomo panaima agogo Nichifor, chijasi chong'ambika, waya m'chiuno. Anali bambo ake. Chijasicho a Veta anachitaya kudzala chifukwa chinali chochititsa manyazi kupatsa ngakhale wosauka, ndipo a Ilarie anakachitola. Sanda anali asanazindikirepo kuti bambo ake akalamba chotere, ndi kuti chipumi ndi mapewa awo n'zomwezija za agogo. M'manja ananyamula felemu yatsopano. Nsalu yokhomedwapo Sanda anaidziwa: inali yoluka ndi manja, ya m'bokosi la ukwati la mayi ake. A Rodica anali chiimire pachitofu, atafulatira, mapewa akugwedezeka.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Dzulo ndinachita mantha, monga ndachitira moyo wanga wonse. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tiye."

Anadutsa pabwalo dzuwa likutuluka, pakati pa matebulo osachotsa ndi phulusa la dzulo. A Veta anali pachitsime ndi ndowa. Ataona chijasicho anakuwa, ndowa n'kugwera m'chitsime.

"Toader! Tuluka udzaone! Achimwene ako apenga!"

A Toader anatuluka malaya ali m'manja. "Achimwene, mukalowa m'shedimo ndi mtsikanayo, za munda muiwale. Ndalumbira pa manda a bambo."

"Udye wekha maplamuwo, mng'ono wanga," anayankha a Ilarie osaima. "Mlandu suola."

Pampanda mitu ya anansi inali itayamba kale kusuzumira. A Ilarie anakoka mpiringidzo, n'kukankhira chitseko m'kati mpaka mbali yake yakunja inaonekera. M'shedimo munkanunkhabe nkhalamba ndi chinyezi. Anatola mbale yachitini pangodya, n'kuiika pamene inkakhala. Kenako anatambasula dzanja kudenga, anasolola bango, n'kulipereka kwa mwana wawo. Anakhala pabedi la matabwa, manja pamaondo.

Sanda anagwira bangolo ngati lotentha. Anaona thukuta pachipumi cha bambo ake ngakhale kunali kozizira, ndipo anaona kuti achita chizindikiro cha mtanda mobisa, pansi pa chijasi. Munthuyu anakulira kuno. Zimene a Veta ankanena, theka la mtima wake linkazikhulupirira.

"Bambo, ndili ndi pensulo yaitali. Bango silofunika."

"Ndati bango. Aone onse apampandawo."

"Simukuopa?"

"Ndikuopa, mwana wanga. Yeza basi."

Sanda anaimika felemu, anapukuta maso ndi mkono wa juzi kuti aone bwino. Anatambasula dzanja, n'kutsinzina diso limodzi. Analunjikitsa bango pachipumi cha bambo ake. Iwo sanamuyang'ane. Anatembenuzira nkhope kuchitseko, monga ankachitira agogo.

"Ukafika pamsomalipo," anatero, "usauwongole."